Ndimangoyankha "yes" ndisanamve

Funso: Aphunzitsi, ndimakhala ku Kanyama ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo m'tauni. Abwana anga amalankhula Chingerezi mothamanga, ine ndimangoti "yes" ndisanamve. Sabata yatha anandituma makatoni 15, ndinabweretsa 50. Ndingawafunse bwanji kuti abwereze popanda kuoneka wamwano?
Mayi wa ku Kanyama

Yankho: Mayi, limeneli si vuto la umbuli. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula tisamudule mawu, ndiye pakamwa pamavomera khutu lisanagwire. Komanso "fifteen" ndi "fifty" amasokoneza ngakhale Angerezi eni ake, makamaka pafoni.

Pewani kungoti "What?" Kwa abwana liwuli limamveka ngati kuyankha gogo kuti "chani?" Nenani kuti "Sorry, could you say that again, please?" Akamalankhula mothamanga, nenani kuti "Could you speak a little more slowly?"

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi kubwereza nokha zimene mwamva: "So you want fifteen boxes, is that right?" Apa abwana amaona kuti mukusamala ntchito yawo, ndipo cholakwika chimakonzeka musanakwere basi. Pa manambala funsani kuti "One-five or five-zero?" Ikakhala nkhani ya ndalama kapena tsiku, apempheni alembe pakapepala.

Inu mukamafotokozera kasitomala, musati "Do you understand?" chifukwa zimamveka ngati mukumuyesa mwana. "Does that make sense?" ndiye aulemu.

Kuchipatala, kupolisi kapena posaina mgwirizano wa ntchito, musadalire mawu amenewa okha. Pemphani munthu akumasulireni m'Chinyanja, ndipo musasaine musanamvetse.