M'mera mpoyamba: nzeru za mwana zimayamba asanafike ku madrasa



Ku madrasa timaona ana ena sagwira msanga. Muwaphunzitse alif, baa lero, mawa aiwala. Anthu amangoti ndi ulesi. Koma nthawi zambiri vuto linayambira kutali, mwana akali kumsana.

Azaumoyo amanena za masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Pobadwa, ubongo wa mwana umakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa wamkulu. Pofika zaka zisanu wakula kale pafupifupi magawo 90 pa 100. M'kati mwake muli timaselo tankhaninkhani tolumikizana ngati mfundo za ukonde. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amati m'zaka zoyambirirazi, pa sekondi iliyonse pamamangika mfundo zatsopano zoposa 1 miliyoni. Zimene mwana akuzigwiritsa ntchito zimalimba, zinazo zimamasuka. Paja ukonde wosalukidwa bwino umavuta kusoka uli kale pamadzi.

Nanga ife tingathandize bwanji?

Choyamba ndi chakudya. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kupinimbira si msinkhu wokha ayi, ubongo nawonso umatsalira. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana ayamwe mwakathithi, osampatsa madzi kapena phala. Kenako ayambe kudya uku akuyamwabe. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah ndime 233, inatchula kale zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa. Tsono taonani zathu: usipa wonse wapita ndi ogula, mwana wa msodzi akumwa phala lamadzimadzi. Abambo, patulani kambale kamodzi musanagulitse. Amayi asinje usipa wouma ndi mitu yomwe, athire m'phala pamodzi ndi nsinjiro kapena masamba. Mchere wa pakhomo ukhale wa ayodini, makamaka mayi akakhala woyembekezera, chifukwa kusowa kwa ayodini kumaononga ubongo mwana asanabadwe.

Chachiwiri ndi kucheza naye. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, anayamba kafukufuku pa ana opinimbira a m'mabanja osauka. Ena mwa iwo ankayenderedwa ndi alangizi kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuwaonetsa amayi kusewera ndi kulankhula ndi ana awo, ndi zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, ana aja atakula ankapeza ndalama zoposa anzawo amene sanayenderedwe ndi magawo 25 pa 100. Chuma chachikulu chimene anapatsidwa chinali mawu ndi masewero.

Khanda likati "aa", inu muliyankhe. Likaloza bwato, nenani kuti "Eetu, ndi bwato limenelo, likuchokera kunyanja." Posoka ukonde, pokonola, potsuka mbale, muziliuza zimene mukuchita. Musati silikumva. Kuyankhana kumeneko ndiko kumamanga mfundo zija, ndipo wailesi kapena foni sizingalowe m'malo mwanu, pakuti sizimuyankha mwana. Si ntchito ya amayi okha. Mtumiki wathu, Swalla Allahu alaihi wasallam, ankanyamula adzukulu ake ndi kusewera nawo.

Chachitatu ndi kumuteteza. Malungo akalowa mu ubongo amatha kusiya mwana ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira, ngakhale atachira. Neti yogonamo tikapita nayo kokokola tinsomba, taononga pawiri: mbewu ya nsomba m'nyanja, ndi mwana wogona pamtetete. Thupi likatentha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kusikelo musajombe. Ndeu ndi kukalipirana kwa tsiku ndi tsiku nazonso zimam'khalitsa mwana mwamantha, ndipo wamantha saphunzira bwino.

Ngati wanu wapitirira kale zaka ziwiri, musataye mtima. Ubongo umaphunzirabe, kungoti ntchito imakula. Yambani lero.

Ana ndi amana imene Allah watisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iwo. Allah atipatse ana olungama ndi anzeru. Ameen.