Kujambula ku Chongoni: Chithunzi Chikhale Mboni

Werengani: Yoswa 4, Genesis 2:15, Eksodo 20:16

Ulendo wa kalasi kapena wa achinyamata a mpingo ukayandikira, aliyense amatchaja foni yake. Pobwera mafoni amakhala atadzaza, koma tikaona bwino, zithunzi zambiri zimakhala nkhope zathu zomwe, malo amene tinapitira aja akungosuzumira kumbuyo kwa phewa. Kodi chithunzi chojambulidwa pamalo a mbiri yakale ntchito yake ndi yotani? Tiyankhe funsoli poganizira za Chongoni.

Malo ake

M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamiyala. Bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Alendo ambiri amapita ku Chentcherere, ku Mphunzi ndi ku Namzeze. Zojambula zofiira, zambiri mwa izo mizere ndi zozungulira, n'za Akafula, anthu amene ankadalira ulenje ndi zipatso za m'tchire. Zoyera n'za alimi a Chichewa, zopakidwa ndi dongo loyera, ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana, kupempha mvula, maliro ndi Nyau.

Ena a ife tingachite mantha pomva zimenezi. Kuphunzira mbiri ya makolo si kupembedza zimene ankapembedza. Mphunzitsi amene sadziwa kumene ana ake achokera amavutika kuwafika pamtima. Komanso kusiyana kwa chikhulupiriro sikutipatsa ufulu wonyoza kapena wowononga.

Miyala yoyambitsa funso

Aisraeli atawoloka Yorodano, Yoswa anauza amuna khumi ndi awiri kuti atole mwala aliyense pakati pa mtsinje, ndipo miyalayo anaiimika ku Giligala. Cholinga chake chinali ana. Mwana ataona mulu uja adzafunsa, ndipo kholo lidzafotokoza zimene Mulungu anachita. Mwala pawokha sulankhula. Umayambitsa funso, ndipo pamafunika wina wodziwa yankho.

Chithunzi chabwino chimagwira ntchito yomweyo. Ambiri mwa ana amene tidzawaphunzitsa ku Nsanje kapena ku Chitipa sadzafika ku Dedza. Chongoni chimene adzachidziwa n'chimene tidzawaonetsa ifeyo. Nkhope yathu ikatseka khoma lonse, mwanayo adzafunsa za jekete lathu, osati za Akafula.

Kajambulidwe kake

Pamalo alionse tijambule katatu. Choyamba tiime patali kuti phiri ndi phanga zioneke pamodzi. Mwana aone kuti ojambula aja ankasankha miyala yophimbika, yosafikidwa ndi mvula. Chachiwiri tijambule khoma lonse, mnzathu ataima pambali osatsamira mwala, kuti kukula kwa zojambulazo kudziwike. Chachitatu tiyandikire chojambula chimodzi, makamaka pamene choyera chakwera pamwamba pa chofiira. Pamenepo mwana angathe kudzipezera yekha kuti chapansicho ndiye chinayamba.

Tizimitse flash, chifukwa kuwala kwake kumanyezimira pamwala n'kubisa utoto wozilala kale. M'phanga muli mthunzi, choncho tigwire foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pathupi, kuti chithunzi chisagwedere. Tisanachoke tilembe m'kope dzina la malo, tsiku, ndi zimene wotiperekeza wafotokoza. Pakatha chaka chimodzi palibe amene amakumbukira kuti phanga ili linali la ku Mphunzi kapena la ku Namzeze. Tikafika kusukulu tisungenso zithunzizo pakompyuta, popeza foni imatayika. Zonsezi zikatha, chithunzi cha gulu lathu tijambule ndithu. Kusangalala si tchimo.

Ukapitawo ndi choonadi

Tikamva za ukapitawo timathamangira ku chakhumi, koma munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Chimene tachipeza, tichisiye chili bwino. Utoto ukaoneka wozilala, pamabwera maganizo othira madzi pamwala kuti uwale. Madziwo amasungunula dongo loyera, ndipo chimene chakhala zaka zambirimbiri chingafufutike chifukwa cha chithunzi chimodzi. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa utoto, ndipo utsi wa moto umaphimba khoma. Kulemba dzina lathu, la kalabu, ngakhale vesi ndi makala kapena choko pamwala wotere n'kuwononga, osati kulalikira.

Lamulo loletsa umboni wonama limafikanso pazithunzi. Tikawonjezera mtundu pafoni mpaka chofiira chozilala chioneke ngati penti ya dzulo, kapena tikalemba pa Facebook zaka zongopeka kuti anthu adabwe, tanamiza woonayo. Ngati tasintha kuwala kuti mizere ioneke bwino, tinene kuti tasintha, ndipo choyambacho tichisunge.

Pomaliza, ku Chongoni si kumanda a chikhalidwe chakufa. M'midzi yozungulira muli anthu amene miyamboyi ndi yawo mpaka lero. Agogo amene takumana nawo panjira si chokongoletsera ulendo wathu. Tiwapatse moni, tipemphe, ndipo akakana tibweze foni m'thumba. Tikakumana ndi gule kapena mwambo wa maliro, tisajambule popanda chilolezo cha eni ake. Safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana

1. Tsegulani zithunzi za ulendo wanu womaliza. Ndi zingati zimene mungaphunzitse nazo mwana wa Sitandade 6?
2. Mnzanu wanyamula botolo la madzi kuti athire pachojambula. Mumuuza chiyani?
3. Kodi kumpingo kwanu kuli nyumba yakale, manda a apainiya kapena mtengo umene anthu ankapempherapo tchalitchi chisanamangidwe? Ndani angafotokoze mbiri yake, ndipo mudzapita liti kukamujambula akadali moyo?