Chikumbumtima cha Munthu ndi Zofuna za Gulu m'Sewero la Antigone

Mawu oyamba

Wophunzira, imodzi mwa mfundo zikuluzikulu zopezeka m'zisudzo zakale ndi kulimbana kwa chikumbumtima cha munthu mmodzi ndi zimene gulu kapena olamula akufuna. Chikumbumtima ndi liwu la mumtima limene limauza munthu kuti ichi n'chabwino, ichi n'choipa, ngakhale palibe womuona. Paja amati mutu umodzi susenza denga. Nanga gulu likasochera, munthu mmodziyo atani? Tiunika funsoli kudzera m'sewero la Antigone, lomwe Sophocles wa ku Athens, m'dziko la Greece, adalemba cha m'ma 441 BC.

Nkhani yake mwachidule

Nkhaniyi ikuchitika mumzinda wa Thebes. Ana aamuna awiri a Oedipus, Eteocles ndi Polynices, aphana polimbirana ufumu. Malume awo, Creon, ndiye walowa ufumu. Iye akulamula kuti Eteocles aikidwe mwaulemu, koma mtembo wa Polynices usiyidwe pamtetete kuti agalu ndi mbalame zidye, poti adabweretsa asilikali a ku Argos kudzathira nkhondo mzinda wakwawo. Wophwanya lamuloli aphedwa.

Antigone, mlongo wa anyamatawa, akupita kukawaza dothi pamtembowo. Alonda akuchotsa dothilo, iye n'kubwereranso, ndipo akumugwira. Creon akulamula kuti amutsekere m'phanga wamoyo. Mlosi wakhungu, Tiresias, atachenjeza kuti milungu yakwiya, Creon akusintha maganizo. Koma pakadafunda padajiwitsa galu. Pofika kuphanga akupeza Antigone atadzimangirira. Haemon, mwana wa Creon amene adatomera Antigone, akudzibaya ndi lupanga. Mayi wake, Eurydice, atamva uthengawo, nayenso akudzipha.

Mmene atengambali akuonetsera mfundoyi

1. Antigone akuimira chikumbumtima. Sakukana mlandu, sakupepesanso. Kwa iye, malamulo osalembedwa a milungu, olamula kuika maliro a m'bale, akuposa lamulo la mfumu. Taonani kuti mtsikanayu sakutaya mwambo ayi. Akugwiritsa mwambo wakale umene anthu ena onse ausiya chifukwa cha mantha.

2. Creon akuimira lamulo ndi bata la mzinda. Musafulumire kumutcha chilombo. Mzinda wangotuluka kumene m'nkhondo, ndipo iye akuopa kuti akalekerera mdzukulu wake, anthu ati mfumu ikukondera. Kwathu kuno timadziwa kuti malume ndiye mwinimbumba, choncho mungamvetse kukula kwa nkhaniyi: munthu woyenera kuteteza mbumba ndiye akuiweruza. Cholakwa chake ndi kusamva za ena. Aliyense womutsutsa akumuyesa woukira kapena wolandira ziphuphu.

3. Ismene, mchemwali wa Antigone, akuimira munthu wodziwa choonadi koma wogonja. Akukana kuthandiza ponena kuti iwo ndi akazi, sangalimbane ndi olamula. Pambuyo pake akufuna kufera limodzi ndi m'bale wake, koma Antigone akumukana.

4. Akuluakulu a mumzinda, omwe akuyankhula ndi kuimba monga gulu, akuvomereza lamulo la Creon poyamba. Akudzamuuza mosabisa kuti amasule mtsikanayo pamene Tiresias wayankhula kale. Haemon akuululiranso bambo wake kuti anthu a mumzinda akumumvera chisoni Antigone, koma akungonong'onezana mumdima.

Apa ndiye pagona nkhani. Gulu la m'seweroli silikugwirizana ndi mfumu kuchokera pansi pa mtima, langokhala chete. Anthu atatu akufa chifukwa odziwa choonadi adayankhula mochedwa.

Kuyerekeza ndi sewero lina

Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyerekeze ndi sewero la An Enemy of the People limene Henrik Ibsen wa ku Norway adatulutsa mu 1882. Dokotala Thomas Stockmann akutulukira kuti madzi a pamalo osambira, amene amakopa alendo ndi kubweretsa ndalama m'tauni, ali ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mkulu wake, Peter, yemwe ndi meya, akumuletsa kuulula. Pamsonkhano anthu akumutcha dokotalayo mdani wa anthu, kenaka akuphwanya mawindo a nyumba yake ndi miyala. Kusiyana kwake n'kwakuti mu Antigone gulu likulakwa pokhala chete chifukwa cha mantha, pamene kwa Ibsen gulu likulakwa pokuwiza wonena zoona pofuna kuteteza matumba awo.

Poyankha mayeso

Ophunzira ambiri amataya malikisi chifukwa chongofotokoza nkhani yonse m'malo moyankha funso. Inu muzichita izi: tchulani mfundo, perekani umboni wochokera m'sewero, kenaka fotokozani mmene umboniwo ukugwirizanira ndi funso. Mwachitsanzo: Ismene ndi wamantha, akukana kukaika maliro a mlongo wake, izi zikuonetsa kuti kuopa olamula kumatha kugonjetsa chikondi cha pachibale.

Musaiwalenso kuona mbali zonse ziwiri. Antigone ndi wolimba mtima, komanso ndi waliuma ndi wouma pakamwa kwa Ismene. Creon ndi wankhanza, komatu cholinga chake choteteza mzinda si cholakwika. Yankho loonetsa zonsezi ndilo limapata malikisi ambiri.

Ntchito

1. Kodi chikumbumtima n'chiyani?
2. Perekani zifukwa ziwiri zimene Creon akukanizira kuika maliro a Polynices.
3. Fotokozani kusiyana kwa khalidwe la Antigone ndi la Ismene, popereka umboni.
4. Kodi akuluakulu a mumzinda ali ndi mlandu pa imfa ya Antigone? Lembani ndime ziwiri.
5. M'magulu, kambiranani chisudzo cha Chichewa chimene mwawerenga m'kalasi. Ndani akutsata chikumbumtima chake, nanga ndani akungotsata gulu?