Supuni, lita ndi mayuniti: phunziro la miyezo

Mwezi watha ndinachezera banja lina ku Sunnyside ndipo ndinapeza mayi akumwetsa mwana mankhwala a kutentha thupi ndi supuni yomwera phala. Anamwino anawauza kuti "supuni imodzi", iwo anatenga imene inali pafupi. Sindikuwadzudzula, ambirife kwathu tinakula tikuyeza ndi ndowa, mbale ndi chikhatho. Koma pa mankhwala diso silikwanira.

Supuni imene a chipatala amanena ndi yaing'ono ya tiyi, ya 5ml. Yaikulu imalowa 15ml. Pa botolo la paracetamol wa ana nthawi zambiri pamalembedwa 120mg/5ml. Apa pali miyezo iwiri yosiyana: mg ikunena mankhwala enieniwo, ml ikunena kuchuluka kwa madzi amene mankhwalawo asungunukamo. Mwana amene amayenera kulandira 120mg, akamwa ndi supuni yaikulu walandira 360mg, katatu konse. Zikabwerezedwa masiku angapo, chiwindi chake chikhoza kuvulala. Pemphani kasupuni koyezera kapena sirinji yopanda singano pomwe mukulandira mankhwalapo, ndipo funsani kuti ndi ma ml angati. Musachite manyazi ndi Chingerezi, lozani pa botolo.

Chimodzimodzi madzi a shuga ndi mchere mwana akatsegula m'mimba. Zipatala za kuno ku South Africa zimalangiza lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizitsa, masupuni aang'ono 8 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Masupuniwo akhale osalaza pamwamba, osati a mulu. Lita imodzi ndi 1,000ml, ndiye kuti mabotolo awiri a 500ml. Mukakhala ndi botolo la 2 lita, dzazani theka lokha, apo ayi wirikizani zonse: shuga masupuni 16, mchere supuni imodzi. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi la kuthira mchere wa lita yonse m'kabotolo ka 500ml. Mchere ukachuluka umawonjezera vuto m'malo mothandiza.

Tsopano za magetsi, poti m'nyengo yozizira muno mu Pretoria madandaulo amakhala omwewo, akuti mita ikuba. Yuniti imodzi imene mumagula ndi 1kWh, kutanthauza chipangizo cha 1,000W choyaka ola limodzi. Onani nambala yolembedwa pansi pa hita yanu. Ikakhala 2,000W, ndiye 2kW, ndipo ikayaka maola 5 yadya mayuniti 10 usiku umodzi. Babu la 10W liyenera kuyaka maola 100 kuti lithe yuniti imodzi. Choncho kuzimitsa babu n'kusiya hita kuli ngati kutseka zenera chitseko chili pululu.

Ophunzira a sekondale, musaganize kuti olakwitsa ndi ife tokha. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linawerengera mphamvu m'mapaundi pomwe lina linkayembekezera manyutoni. N'chifukwa chake aphunzitsi amakuchotserani malikisi mukalemba nambala popanda muyezo wake. Muno mu Tshwane momwemo, pa malo a CSIR, pali bungwe la NMISA limene ntchito yake ndi kusunga miyezo ya dziko lino kuti kilogalamu ya ku Marabastad ifanane ndi ya ku Durban.

Yeserani kunyumba: hita ya 1,500W ikayaka maola 4 tsiku lililonse kwa masiku 30, idya mayuniti angati? Yankho tidzalemba m'kalata yotsatira.