Laputopu itaima pa 62 peresenti: zimene ndinaphunzira za BitLocker

Anzanga, amene munandiona sabata ziwiri zapitazo ndikungozungulira pakhomo la labu ngati nkhuku yofuna kuikira, lero ndikuuzeni chimene chinandivuta. Mawa chikhoza kugwera inu, ndiye werengani mpaka kumunsi belu lisanalire.

Amayi anga ndi mlembi wa banki mkhonde kumudzi kwathu. Gulu lawo ndi la amayi 25, ambiri ndi alimi a kachewere ndi chimanga ngati makolo athu tonse kuno ku Dedza. Achimwene atatumiza laputopu yakaunjika kuchokera ku Johannesburg, ntchito yolemba masheya ndi ngongole mu Excel inagwera ine. Kope lilipo ndithu, koma masamu onse a chiwongoladzanja a chaka chino anali mu laputopumo. Tsiku logawana ndalama linali Loweruka loyamba la Disembala, ndipo aliyense ankadikira gawo lake kuti akagule feteleza wobereketsa.

Encryption ndi chiyani?

Aphunzitsi athu a Computer Studies anatiuza zimene zinandichititsa mantha. Pasiwedi ya Windows imangotseka pakhomo basi. Wakuba akamasula laputopu, kuchotsa hard disk ndi kuilumikiza ku kompyuta ina, amawerenga mafayilo onse popanda kufunsidwa pasiwedi. Ndinaganiza za mayina, manambala a foni ndi ngongole za amayi aja, zomwe ndimayenda nazo m'chikwama pa kabaza. Dziko lathu lilinso ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limafuna kuti wosunga zinsinsi za anthu ena azizisamala.

Mankhwala ake ndi encryption. Uku ndi kusakaniza zonse zolembedwa pa disiki mwa masamu, kuti amene alibe kiyi azingoona zinyalala zosawerengeka. Masamu ake amatchedwa AES. Anawapanga ndi akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la America linawavomereza mu 2001. Mu Windows, pulogalamu yogwira ntchitoyi ndi BitLocker, yomwe inayamba ndi Windows Vista. Imapezeka mu Windows ya Pro, Education ndi Enterprise. Kiyi imatetezedwa ndi kachipangizo kakang'ono ka m'kati mwa laputopu kotchedwa TPM, n'chifukwa chake mwini wake amangoyatsa n'kulowa osaona kusintha kulikonse.

Ndinayatsa BitLocker Lolemba. Inandifunsa ngati ndikufuna kukiya malo okhawo amene muli mafayilo kapena disiki yonse. Ndinasankha yonse, poti laputopuyo inagwirapo kale ntchito, ndipo zinthu zofufutidwa zimatsalira pa disiki. Lachiwiri inafika pa 40. Lachitatu inafika pa 62. Lachinayi, 62. Lachisanu, 62 yomweyo. Excel inayamba kutsegula mochedwa ngati basi yodzadza ikukwera mtunda wa ku Golomoti.

Ndinaitengera kwa mnyamata wina wobena nyimbo pa tredingi. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Asisi, iyi ndi vairasi. Ndikufomatireni basi, mphindi 30 zokha." Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chinandibweza ndi funso limodzi: nanga mafayilo? Iye anati, "Aaa, amenewo ndiye apita." Ndinanyamula chikwama changa.

Lolemba linalo ndinapita kwa aphunzitsi. Sanaigwire n'komwe laputopuyo. Anandikhazika pansi kuti ndichite ndekha, iwo akundilondolera. Nazi zimene tinachita, mwa ndondomeko yake. Ndondomekoyi musaisinthe.

1. Yambani ndi kiyi

Funso lawo loyamba linali lakuti, "Recovery key yako ili kuti?" Ndinati, "Sir, ndinaijambula pa foni ya amayi." Foni yomwe mng'ono wanga amafufutamo zithunzi kuti alowetse magemu!

Recovery key ndi manambala 48, oikidwa m'magulu 8 a manambala 6. Ngati TPM yakayikira kuti china chake chasintha, laputopu imaonetsa sikirini ya buluu n'kufuna manambalawa. Mukawasowa, basi kwatha. Ngakhale a Microsoft eni ake sangakupangireni ina. Choncho musanakonze chilichonse, ipezeni pamene Windows ikutsegukabe. Dinani Start, lembani cmd, sankhani Run as administrator, ndipo pa sikirini yakudayo lembani:

manage-bde -protectors -get C:

Pansi pa mawu akuti Numerical Password mudzaona manambala aja. Alembeni ndi bolopeni m'kope, muwerenge kawiri, wina akutsatira. Ine ndinalemba malo awiri: pepala lina lili m'bokosi la amayi, lina kwa agogo. Musasunge kiyi mu laputopu yomweyo, ndipo musaike pepalalo m'chikwama chake. Kumeneko ndi kusiya kiyi pa loko. Amene munalowa ndi akaunti ya Microsoft mukhozanso kuipeza pa aka.ms/myrecoverykey, ngati muli ndi bandulo.

2. Koperani mafayilo ofunika

Disiki ikakhala pakati pa ntchito, mafayilo amatsegukabe bwinobwino. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu. Ine ndinabwereka fulashi n'kukopera fayilo ya banki mkhonde, manotsi anga a Biology ndi zithunzi za ukwati wa achemwali. Kenako tinatsegula fayiloyo pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti yakopeka yonse. Mtima unayamba kukhala m'malo. Kuyambira pamenepo, ngakhale laputopu ikanafa, ndalama za anthu zikanagawidwa.

3. Ifunseni kompyutayo chimene ikuchita

Kamzere kobiriwira kaja sikanena zambiri. Pa sikirini yakuda lembani:

manage-bde -status C:

Yang'anani mizere iwiri. Wa Percentage Encrypted umasonyeza pamene ntchito yafika, ndi kadontho komwe, monga 62.3. Wa Conversion Status umanena ngati ikuyenda kapena ayi. Mukaona Encryption in Progress, lembani nambalayo, dikirani ola limodzi, muonenso. Ngati yasuntha ngakhale pang'ono, siinaime, ikungochedwa.

Tichite masamu pang'ono. Disiki ya 500 GB ndi 500,000 MB. Tiyerekeze kuti laputopu yakale ikukiya 20 MB pa sekondi. Gawani: mupeza masekondi 25,000, omwe ndi pafupifupi maola 7. Amenewa ndi maola amene laputopu ili maso, osati ili m'chikwama. Ndiye ngati mumaiyatsa ola limodzi pa tsiku, sabata yathunthu itha. Ambiri amene amati "yaima" amakhala kuti achita changu.

Yanga inalemba kuti Encryption Paused. Imeneyo ndiye inaimadi.

4. Moto ndi tulo

Kwathu kulibe magetsi, tili ndi kasola kochajira mafoni basi. Laputopu ndimaichaja kuno kusukulu, ndipo sabata imeneyo, ndi mvula ya mabingu ija, magetsi ankangothimathima. Ndinkaopa kuti mwina ndi zimenezi zaononga zonse. Aphunzitsi anandimasula: BitLocker inapangidwa kuti kompyuta ikazima, ngakhale mwadzidzidzi, ikayakanso izipitiriza pamene inalekezera. Koma ikagona, ntchito siyenda. Mukatseka chivundikiro kapena mukaisiya mpaka igone yokha, zonse zimadikira.

Choncho ilumikizeni ku chaja, pitani ku Settings, System, kenako gawo la Power, musankhe Never pa nthawi yogona ikakhala pa chaja. Chivundikiro chikhale chotsegula. Iikeni pa tebulo, osati pa bulangete, kuti mpweya uzilowa pansi. Kuzizira kwa ku Dedza sikungaipulumutse ngati mabowo ake atsekeka. Amene muli ndi achibale a Mac, auzeninso: yawo imatchedwa FileVault, ndipo pa ma Mac akale imaima dala ikachotsedwa pa chaja.

5. Idzutseni

Ngati yalemba kuti Paused, lembani:

manage-bde -resume C:

Ngati yalemba kuti in Progress koma nambala siikusuntha kwa maola angapo, yambani ndi manage-bde -pause C:, dikirani pang'ono, kenako mulembe ya resume ija. Zikakanika, chitani Restart mwaulemu wake kudzera pa Start, osati kukanikiza batani mpaka izime. Kwa anthu ambiri vuto limathera pano.

Kwa ine silinathe. Inayenda pang'ono n'kuimanso, ndipo panatuluka uthenga wonena kuti disiki ili ndi zolakwika.

6. Yezani disiki

Apa mpamene panagona nkhani. Hard disk ndi mbale yozungulira yogawidwa m'tizigawo totchedwa ma sector. Pa disiki zambiri zakale kachigawo kamodzi ndi ma byte 512, kotero ya 500 GB ili nato pafupifupi 1 biliyoni. Disiki ikakalamba kapena ikagwedezeka kwambiri, tina timaonongeka. Masiku onse simungadziwe, chifukwa mafayilo anu ali mbali ina. Koma mukasankha kukiya disiki yonse, BitLocker imayenera kudutsa paliponse. Zili ngati kulima munda wonse wa m'mbali mwa phiri: khasu likumana ndi mwala umene unabisala pamene simunkalimapo. Mwalawo sunabwere ndi khasu, unalipo kale. BitLocker ikalephera kuwerenga malo otere imaima, siilumpha mwachisawawa.

Lamulo lake ndi ili:

chkdsk C: /r

Kompyuta idzanena kuti disiki ili pa ntchito, n'kufunsa ngati iyeze ikamayakanso. Lembani Y, muchite Restart. Chkdsk imafufuza tizigawo toonongeka, kupulumutsa zimene ingathe, ndi kuika chizindikiro kuti malowo asagwiritsidwenso ntchito. Imatenga nthawi yaitali, ndipo nayonso imaoneka ngati yaima. Musaizimitse. Kuyeza kumeneku kumalemetsa disiki yodwala, n'chifukwa chake kukopera mafayilo kumabwera poyamba.

Yanga tinaiyamba nthawi ya asembule, inamaliza titaweruka. Tinalembanso ya resume ija. 62.4, 62.9, 64. Ndinakuwa mu labu mpaka a Fomu 1 anasuzumira pa windo. Aphunzitsi anaitsekera mu ofesi ili pa chaja, ndipo m'mawa mwake inalemba kuti Fully Encrypted, Protection On.

7. Zikakanikabe

Pali njira yobwerera. Lamulo la manage-bde -off C: limamasula zonse zimene zinakiyidwa, ngakhale nalonso limafuna maola ndi moto. Koma ngati disiki ikulira kuti tcheke tcheke, kapena zolakwika zikubwerabwera, musalimbane nayo. Yatopa, ifunika ina. Aphunzitsi anandichenjeza kuti ngakhale yangayi yachira, ndisaikhulupirire. Ndawalembera kale achimwene kuti akamabwera pa Khirisimasi atitengere SSD, yomwe ilibe mbale yozungulira, ndiye siopa mabampu a kabaza.

Zinthu zinayi zosayenera kuchita ntchito ili pakati: kufomata, kusintha za mu BIOS, kufufuta TPM, ndi kuchotsa disiki kuti mukaiyese mu kompyuta ina. Zitatu zomalizazi zikhoza kuchititsa kuti ifune manambala 48 aja. Choyambacho chimapha zonse nthawi yomweyo.

Mawu kwa ogula yakaunjika

Malaputopu ambiri amene timagula ku Lilongwe kapena amene amachokera ku Joni anali a m'maofesi. Ena amabwera ali okiyidwa kale, kiyi ili ku akaunti ya mwini wake wakale. Musanapereke ndalama, lembani lamulo la status lija pamaso pa wogulitsa. Dziwaninso kuti Windows 11 yatsopano, kuyambira ya 24H2 ya mu 2024, imatha kuyatsa yokha encryption mukaiika kumene n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft. Mukhoza kukhala ndi disiki yokiyidwa osadziwa. Kafufuzeni lero, mulembe kiyi yanu zinthu zikadali bwino.

Loweruka lija amayi anagawana ndalama zawo pansi pa mtengo, ine ndikuwerenga pa sikirini, iwo akutsatira m'kope. Masamu anagwirizana mpaka kwacha yomaliza. Madzulo ndinawaululira amayi zonse zimene zinachitika. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Iwe mwana, ndiye ndikanawauza chiyani anthu aja?" Tinapangana kuti kuyambira Januwale, msonkhano uliwonse ukatha, fayilo izikoperedwa pa fulashi ndipo masamu onse azilembedwanso m'kope.

Amene muli ndi laputopu kunyumba, bwerani nayo Lachitatu ku kalabu ya kompyuta tikaweruka. Tengani chaja, kope ndi bolopeni. Tiyamba ndi nambala 1.

Mnzanu wa Fomu 3