Mkamwini Amene Masiku Ake Anatha

Wowerenga makalata: Kalata yoyamba usiku uno yachokera ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, kwa mayi amene sanafune kutchulidwa dzina. Akuti: "Mwana wanga wamkazi wapeza bwenzi, mnyamata wa ku Mchinji amene analowera pa Mwami chaka chatha, ndipo akugulitsa nsomba pamsika kuno. Masiku amene anam'dindira m'pasipoti anatha kalekale, koma ankhoswe akumana kale. Kodi akakwatirana ku khonsolo, boma silidzamuleka? Nanga ana awo adzakhala a dziko liti?" Tiyankheni, bambo.

Katswiri: Mayi, mwachita bwino kufunsa mphete isanavalidwe, pakuti ambiri amadza kwa ife mkamwini ali kale m'manja mwa a Immigration, mkwatibwi akulira pakhomo.

Ndinene poyera kuti ukwati, ungakhale wa ku khonsolo, wa kutchalitchi kapena wa mwambo wathu, sufafaniza mlandu wopitirira masiku. Paja akulu anati mlandu suola. Lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010 limalola mlendo wamba, ngakhale Mmalawi amene safunsidwa viza, kukhala m'Zambia masiku 90 okha m'miyezi 12, ndipo iye amene apyola pamenepo popanda chilolezo, makamaka ngati wayambanso malonda amene mlendo saloledwa kuchita, akhoza kugwidwa, kulipitsidwa chindapusa kapena kuikidwa m'ndende, ndi kuperekezedwa kumalire, kumene kubwerako sikukhala kwapafupi.

Njira ilipo ndithu, ndiyo Spouse Permit, chilolezo choperekedwa kwa mwamuna kapena mkazi wa nzika. Koma chimachita kupemphedwa, ndi setifiketi ya ukwati, pasipoti ya mwamunayo ndi reji ya mwana wanuyo, ndipo akuluakulu amene adzatsegula pasipotiyo adzayamba kuona chidindo chakuthacho asanaone china chilichonse. Chotero mkamwini wanu adzipereke yekha ku ofesi ya Immigration, kapena kulikulu lawo ku Kent Building mu Lusaka, anene zoona zokhazokha, ndipo akauzidwa kuti alipe ndi kuyamba watuluka, atuluke, kuti akabwere polowera pakhomo. Ngakhale Boazi, pofuna kutenga Rute, mlendo wa ku Moabu, anayamba wakonza nkhaniyo pachipata pamaso pa akulu a mudzi. Koma anyamata aja amene amanong'oneza kuti adzagula chidindo ndi makwacha ochepa, muwathawe, chifukwa chidindo chabodza ndi mlandu wina woposa woyambawo.

Za ana musade nazo nkhawa: malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwa mu 2016, amati mwana ndi nzika ngati kholo limodzi lili nzika. Bambo wawo ndiye adzadikira, pakuti sangapemphe unzika kudzera mu ukwati zisanakwane zaka 5.