Njere za Mbawa ndi Mzere Wowongoka

Anzanga, masamu a regression atisautsa ambirife, ndipo mayeso ayandikira. Taonani mmene tinawayesera ndi njere za mbawa, zija zamapiko.

Tinakwera makwerero a thanki ya madzi, ndi kugwetsa njere kuchokera pa mamita 1, 2, 3 ndi 4. Zinatenga masekondi 0.7, 1.3, 1.7 ndi 2.3. Madontho sanagone pamzere umodzi, chotero tinafuna mzere wowayenera koposa mwa njira imene Legendre anasindikiza mu 1805.

Yambani ndi avereji: mamita 2.5, masekondi 1.5. Chotsani avereji pa nambala iliyonse. Chulukitsani chotsala cha kutalika ndi chotsala cha nthawi yake, nimuphatikize zinayizo: 2.6. Zotsala za kutalika muzichulukitse chilichonse ndi mwini wake, nimuphatikizenso: 5. Gawani 2.6 ndi 5, mupeza 0.52. Tsono chotsani 0.52 × 2.5 pa 1.5, patsala 0.2.

Nthawi = 0.2 + 0.52 × kutalika.

Ndiko kuti mita iliyonse iwonjezera ngati theka la sekondi. Mnzathu wina anathamangira kuwerengera mbawa ya mamita 20, napeza masekondi 10.6. Aphunzitsi anangopukusa mutu: ife sitinapyole mamita 4, ndiponso kumwambako kuli mphepo.